Nyali ya Kauni ndi Chipinda cha Chionetsero: Kuwala ndi Mdima pa Chikale

  Takulandirani ku pulogalamu yathu ya sayansi. Lero maganizo athu ali pa Chikale, gombe lamchenga lija lili kaulendo kochepa chabe kuchokera padoko pamene pamakocheza Ilala.

Nkhani yathu ndi ya kuwala ndi mdima m'chipinda choonetseramo zinthu za sayansi. Chipinda chotere chikhoza kukhala m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, monga ya ku Karonga, ya ku Mangochi kapena ya pa Chichiri ku Blantyre. Chikhozanso kukhala kalasi wamba momwe ana a sukulu ayala zimene apanga pa tsiku la chionetsero. Wokonza chipindacho amayenera kusankha kuti apa pawale, apa pade. Nanga amasankha bwanji? Tiyamba ndi asodzi a usipa, kenako tiona mmene diso lathu limagwirira ntchito, ndiye tidzamanga m'maganizo chipinda chathuchathu pa Chikale pomwepo. Chakumapeto ndikusiyirani ntchito yoti mukayese kusukulu kapena kunyumba.

Amene mudagonapo ku Nkhata Bay mwezi uli mumdima mukudziwa mmene nyanja imadzazira ndi timagetsi usiku. Amenewo ndi asodzi a kauni. Mmodzi mwa iwo, amene anzake amamutcha siginala, amakhala m'bwato momwe muli nyali. Kale zinali nyali zopopa za parafini, masiku ano ambiri akugwiritsa ntchito mababu a LED ndi batire. Usipa umasonkhana pansi pa kuwalako, ndipo siginala amapalasa pang'onopang'ono kuukokera kumene anzake atchera chilimira. Tsopano funsani msodzi aliyense chifukwa chimene kauni amachepera mwezi ukakhala wathunthu. Nyali ndi yomweyo, batire ndi yodzaza, koma usipa subwera ngati kale. Akuuzani kuti nyanja yonse yawala, nsomba zamwazikana, ndipo nyali ija yasowa mphamvu yoitana.

Mfundo yaikulu ya pulogalamu ya lero ndi imeneyi: nyali imaitana pokhapokha pozungulira pake pali mdima. Ndibwereze kuti amene anatuluka pang'ono amve. Nyali imaitana pokhapokha pozungulira pake pali mdima.

Ambirife tikamakonza chionetsero timayatsa machubu onse akudenga, n'kutsegula mazenera onse, poganiza kuti anthu aone bwino. Zotsatira zake, chilichonse chimawala mofanana. Mwana amalowa, maso n'kumangoyendayenda, osakhazikika pa kanthu. Diso la munthu limathamangira pamene pawala kwambiri, mwini wake asanaganize n'komwe. Choncho ngati malo owala kwambiri m'chipindamo ndi zenera, ana aziyang'ana panja, ngakhale patebulo mwaika chinthu chodabwitsa chotani. Wokonza waluso amayamba wadzifunsa kuti, kodi chinthu chimodzi chimene ndikufuna kuti mlendo asachiphonye m'chipinda chino n'chiti? Akachipeza, amachepetsa kuwala kwina konse, n'kusiya chinthucho chikuwala chokha. Nthawi zambiri safunika kugula babu lina. Amangozimitsa ena.

Tsopano tipite ku diso. Mukalowa m'nyumba kuchokera padzuwa, mwanadiso amakula msanga kuti kuwala kulowe kochuluka. Koma imeneyo ndi mbali yochepa ya ntchito. Kumbuyo kwa diso, mkati, kuli timaselo tamitundu iwiri tomva kuwala. Tina ndi ta masana, ndipo n'timene timatithandiza kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Tina ndi ta usiku, timamva ngakhale kuwala kochepetsetsa, koma mitundu sitiidziwa. N'chifukwa chake usiku chitenje chokongola chimangooneka chotuwa. Ta usikuti timachedwa kudzuka. Kuti diso lizolowere mdima kwathunthu pamatenga mphindi 20 mpaka 30, pamene kubwerera powala limazolowera m'kanthawi kochepa. Oyendetsa sitima zapamadzi amadziwa zimenezi. Usiku chipinda choyendetsera sitima amachisiya mumdima, n'kungosiya timagetsi tofooka, kawirikawiri tofiira, kuti maso awo asataye zimene azolowera.

Taganizirani mlendo pa Chikale masana dzuwa lili paliwombo. Mchenga ukuthobwa m'maso, madzi akunyezimira. Mukamulowetsa molunjika m'chipinda chamdima, sadzaona kanthu. Adzapunthwa, adzati muno mulibe chilichonse, n'kutuluka. Choncho pakati pa khomo ndi chipinda chamdima payenera kukhala kanjira, ndipo kanjirako kakhale kokhota, kuwala kuzichepa pang'onopang'ono pamene munthu akuyenda. M'kanjiramo muikemo zinthu zosafuna maso akuthwa koma zochedwetsa munthu: mawu a msodzi wachikulire akufotokoza za mphepo ya mwera, chidutswa cha chilimira choti ana achigwire, nkhafi yoti ayese kulemera kwake. Pomwe akumvetsera ndi kugwiragwira, maso akuzolowera.

Kukhota kwa kanjirako kuli ndi phindu linanso. Kuwala kumayenda mowongoka, sikukhota pangodya, makamaka ngati makoma apakidwa penti yakuda yosanyezimira. Koma mpweya umakhota. Nkhata Bay ndi dera lotentha komanso lamvula yambiri. Mukatseka chipinda ndi zitseko ndi makatani olemera kuti mupeze mdima, mupeza thukuta ndi chuku. Kanjira kokhota kopanda chitseko kamatsekereza dzuwa, n'kulola kamphepo ka kunyanja kulowa.

Tipume pang'ono ndi nyimbo. Tikabwerera, tilowa m'chipinda chathu, ndipo titsika pansi pa nyanja.

(Nyimbo)

Takulandiraninso. Kwa amene mwangotsegula kumene wailesi, tikukambirana za kuwala ndi mdima pokonza chionetsero cha sayansi, ndipo tanena kuti nyali imaitana pokhapokha pozungulira pake pali mdima.

Tiyerekeze kuti anthu a ku Nkhata Bay apatsidwa nyumba pa Chikale kuti aonetseremo za nyanja yawo. Ine ndikadapempha kuti ulendo wa mlendo m'nyumbamo ufanane ndi kutsika m'madzi, kuyambira pamwamba powala mpaka pansi pamdima, chifukwa nyanjayi yokha idagawika motero.

Chipinda choyamba ndi cha m'miyala ya m'mbali mwa gombe, kwawo kwa mbuna. Ku Nkhata Bay kuno kudali malo ofufuzira za nsomba m'zaka za m'ma 1950, ndipo wasayansi wa ku Britain, Geoffrey Fryer, adaphunzira mbuna za m'miyala ya konkuno. Zimene adalemba mu 1959 zidathandiza kuti dziko lapansi lidziwe mmene mitundu yambirimbiri ya tinsombati imakhalira pamodzi, uwu ukupala ndere pamwala, uwo ukutola tizilombo m'ming'alu. Chipinda chimenechi chiwale, pakuti kumeneko n'kumene dzuwa limafika, ndere n'kumera, mbuna n'kumaonetsa buluu ndi chikasu chawo.

Koma ngati mwaika nsomba zamoyo m'thanki yagalasi, samalani. Nyali ikhale pamwamba pa madzi, iziunikira mkati mwa thanki, ndipo mbali imene anthu aimirira ikhale yoderako. Mukatembenuza, galasi lidzasanduka kalilole, ana adzangoona nkhope zawo. Zimenezi mumazidziwa kale. Usiku mukayatsa nyali m'nyumba n'kuyang'ana pazenera lagalasi, mumadziona nokha, pamene wodutsa panja akuona zonse za m'nyumba mwanu. Nyumba zikuluzikulu zoonetsera nsomba, monga Two Oceans Aquarium ku Cape Town, zimatsata nzeru yomweyi: madzi owala, anthu mumthunzi. Nsombanso zimadekha chifukwa sizikuona bwino khamu limene likuziyang'ana.

Chipinda chachiwiri chikhale ndi kuwala kwabuluu kokha. Chifukwa chake n'chakuti kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, ndipo madzi samameza mitunduyi mofanana. Amayamba kumeza wofiira. Mukatsika mamita owerengeka chabe, chinthu chofiira chimayamba kuoneka chodera, pamene buluu amapitirira kutsika. Izi simufunika kuzilemba pakhoma ndi mawu ambiri. Ikani nsalu yofiira patebulo m'chipinda chabuluucho, idzaoneka yakuda. Mupatseni mwana tochi wamba aiunikire, ndipo kufiira kudzatulukira m'manja mwake momwemo. Mwana ameneyo sadzafunanso kuloweza kuti madzi amameza mtundu uti. Ndipo poti tili pa mitundu, ofufuza adapeza kuti mbuna zina zimaona kuwala kwa ultraviolet, kumene diso la munthu silikuona. Kukongola kumene ife timaona pa nsombazi ndi gawo chabe la zimene izo zimaonana.

Chipinda chachitatu ndiye cha mdima, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Nyanja ya Malawi pamene idazama kwambiri imafika pafupifupi mamita 700, ndipo malo amenewo ali chakumpoto kuno. Nambala imeneyi mukailemba pakhoma, mwana adzaiwerenga n'kuiwala. Koma tayerekezani khonde lotalika masitepe 7, sitepe iliyonse ikuimira mamita 100. Kuwala kokwanira kumeretsa ndere kumathera m'sitepe yoyamba momwemo. Mukangopitirira sitepe yachiwiri, mpweya wa okosijeni watha m'madzi, ndipo nsomba sizingakhaleko. Masitepe onse otsalawo ndi madzi amdima opanda nsomba. Unikirani sitepe yoyamba yokha, yachiwiri ikhale yachizimezime, zotsalazo muzisiye zakuda, mwana aziyende ndi mapazi ake atagwira chingwe. Mdimawo ndi umene ukuphunzitsa. Akatuluka adzamvetsa kuti nsomba zonse zimene timadya zimakhala m'kagawo kakang'ono ka pamwamba, ngakhale nyanja imaoneka yosatha.

M'malire mwa mdimawo mumakhala ndunduma, nsomba ya maso akuluakulu otolera kuwala kochepa kamene katsala. Mumapezekanso mphutsi za nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja m'magulu aakulu mpaka kuoneka ngati utsi patali, timene anthu a m'mbali mwa nyanja amakola n'kupanga ndiwo. Mphutsi zake n'zoonekera mkati, pafupifupi zopanda mtundu. Masana zimatsikira kumdima, ngakhale kumadzi osowa okosijeni kumene nsomba sizingazitsatire, ndipo usiku zimakwera kudzadya. Tsiku lililonse ulendo womwewo, wolamulidwa ndi kuwala. Nanga kanthu koonekera mkati mungakaonetse bwanji? Mukakaika m'botolo patsogolo pa khoma loyera, palibe adzakaone. Ikani nsalu yakuda kumbuyo kwa botolo, muunikire kuchokera m'mbali ndi katochi kakang'ono, ndipo thupi lake lidzanyezimira lonse. Mfundo yathu ija yabweranso: nyali imaitana pokhapokha pozungulira pake pali mdima.

Ndipatuke pang'ono. Anthu amene amamira m'madzi usiku ku Nkhata Bay ndi zida zopumira amasimba za nsomba ina yaitali imene alendo amaitcha dolphin fish. Nsombayi imayenda mumdima pogwiritsa ntchito mphamvu yofooka ya magetsi imene thupi lake limatulutsa. Koma idaphunzira kutsatira matochi a omirawo, chifukwa tochi imaulula mbuna zimene zabisala m'miyala, iyo n'kuzigwira. Apa tikuona kuti nyali imasintha khalidwe la zamoyo. Choncho nsomba za m'thanki yanu zipatsidwe usiku wake, magetsi azizimitsidwa. Ndipo ngati mukufuna kuonetsa zamoyo zoyenda usiku, pali njira imene malo osungira nyama a Bristol Zoo ku England adayamba mu 1953: kutembenuza nthawi. Usiku amayatsa magetsi owala kuti nyamazo zigone, masana n'kusiya kuwala kofooka kuti zidzuke pamene alendo afika.

Tsopano timve mbali ina ya nkhaniyi, yakuti kuwala kumawononga. Mayi aliyense akudziwa zimene zimachitikira chitenje chimene chimayanikidwa padzuwa tsiku ndi tsiku. Chimasuluka, ndipo mtundu ukapita wapita. Kuwonongekaku kumaunjikana, lero pang'ono, mawa pang'ono, ndipo kusunga chinthucho mumdima pambuyo pake sikubweza kanthu. Zithunzi zakale, makalata, nthenga, agulugufe ouma, nsalu ndi zosema zopakidwa utoto monga zimene zili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare ku Mua, zonsezi zimafuna kuwala kochepa ndiponso kutalikirana ndi dzuwa. Njira yotsika mtengo ndi kuphimba bokosi lagalasi ndi nsalu yoti mlendo aivundukule yekha, akatha n'kubwezera. Ana amakondanso zimenezo, pakuti chobisika chimakopa.

Miyala ndi mafupa osanduka mwala siziopa kuwala motero. Ku Karonga, m'nyumba imene idatsegulidwa mu 2004, muli chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chimene mafupa ake adafukulidwa m'boma lomwelo. Zinthu zotere funso lake ndi lakuti kuwala kuchokere mbali iti. Mukaunika mwala wosemedwa kuchokera kutsogolo, umaoneka wosalala, wopanda nkhani. Mukaunika kuchokera m'mbali, nyali ili m'munsi, kachipsera kalikonse kamene wosema adasiya kamapanga kamthunzi kake, ndipo ntchito ya manja a munthu wakale imaonekera.

Apa ndinene maganizo anga, ndipo mwina ena simugwirizana nane. Pali mdima wina wongodzionetsera. Okonza ena amadetsa nyumba yonse kuti ioneke yapamwamba, mlendo n'kumayenda mwamantha, osatha kuwerenga zolembedwa. Kwa ine kumeneko n'kulakwitsa, makamaka pa sayansi. Chionetsero cha sayansi ndi malo oti ana agwire, ayese, atsutsane, ndipo mphunzitsi aone nkhope zawo kuti adziwe amene wamva ndi amene wasokonezeka. Zimenezi zimafuna kuwala. Nyumba yotchuka ya sayansi ya Exploratorium ku San Francisco, imene Frank Oppenheimer adayambitsa mu 1969, idakhala zaka zambiri m'chiholo chachikulu chodera. Itasamukira padoko mu 2013, okonza adasunga zipinda zamdima za zoyesera za kuwala, koma adamanganso chipinda chagalasi choyang'ana kunyanja, kuti madzi, mafunde ndi mitambo zikhale mbali ya phunziro. Pa Chikale, kumanga nyumba yophunzitsa za nyanja popanda zenera limodzi lalikulu loyang'ana nyanjayo kungakhale kutaya mwayi. Zeneralo likhale kumapeto kwa ulendo, mlendo atatuluka mumdima.

Kumbukiraninso kuti maso athu safanana. Agogo amafuna kuwala kochuluka kuposa mdzukulu wawo kuti awerenge zilembo zomwezo, ndipo maso awo amachedwa kuzolowera mdima. Abale athu achialubino amavutika ndi kuwala kothobwa, ndipo ambiri amafuna zilembo zikuluzikulu zoti aziyandikire. Choncho babu lisaloze m'maso mwa munthu, libisike kuseri kwa thabwa, lizingoloza chinthu chimene chikuonetsedwa. Zolembedwa zikhale zazikulu, zakuda pa pepala lotuwirako losanyezimira, ndipo ziunikiridwe ngakhale m'chipinda chamdima. Pansi pakhale posalala, popanda sitepe yodzidzimutsa, ndipo njira yotulukira izioneka nthawi zonse.

Nanga magetsi akazima? Wokonza wanzeru kuno kwathu amaganizira zimenezo asanayambe. Mababu ang'onoang'ono a LED amadya moto wochepa, satentha kwambiri, ndipo batire ya sola imawakwanira. Dzuwanso lokha likhoza kukhala nyali yoloza malo amodzi. Mu 2002, makaniko wa ku Brazil, Alfredo Moser, adaonetsa kuti botolo lapulasitiki lodzaza madzi, lolowetsedwa pabowo la denga lamalata n'kumatidwa bwino, limamwaza kuwala kwa dzuwa m'chipinda masana. Botolo limodzi pamwamba pa tebulo la miyala kapena la zoyesera, kwina konse kuli kodera, ndiye kuti mwapeza nyali yosalipira. Kungoti musaliike pamwamba pa zithunzi ndi nsalu zija.

Tafika pa ntchito imene ndinakulonjezani. Aphunzitsi ndi makolo, tcherani khutu. Pezani chipinda chokhala ndi zenera limodzi loyang'ana malo owala, ngati muli ku Nkhata Bay loyang'ana kunyanja. Tsekani zeneralo ndi makatoni kapena pulasitiki yakuda, mutseke ming'alu yonse ndi pansi pa chitseko. Kenako boolani kabowo kamodzi pakatoni, kukula kwake kofanana ndi batani la malaya. Moyang'anizana ndi bowolo, gwirani nsalu yoyera kapena siyani khoma loyera. Ndiye khalani pansi mudikire. Mphindi zoyambirira ana adzati palibe chikuoneka. Auzeni apirire, maso akuzolowera. Pang'onopang'ono pakhomapo padzaoneka mitengo, mabwato ndi anthu oyenda, koma zonse zili chadodolido, mitu pansi miyendo m'mwamba. Chifukwa chake n'chomwe chija, kuwala kumayenda mowongoka: kochokera pamwamba pa mtengo kumadutsa pabowo n'kukagwera m'munsi mwa khoma, kochokera pansi n'kukagwera m'mwamba. Wasayansi Ibn al-Haytham adafotokoza zimenezi ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo kamera ya m'foni yanu imachokera ku nzeru yomweyi.

Kuno dzuwa limatulukira kunyanja, choncho ngati zenera lanu likuyang'ana kum'mawa, yesani masana dzuwa litapendeka, pamene likuunikira mabwato kuchokera kumbuyo kwa nyumba. Mukachepetsa bowo, chithunzi chidzaoneka chakuthwa koma chofooka. Mukalikulitsa, chidzawala koma chidzasokonekera. Alekeni ana apeze okha kukula koyenera. Chenjezo limodzi: mwana aliyense asasuzumire dzuwa kudzera pabowopo, ndipo musatsekere ana nthawi yaitali m'chipinda chotentha.

Pamene tikusiyana, ndikusiyireni mafunso awiri oti mukambirane kunyumba kapena mu sitafu. Loyamba, mukadapatsidwa chipinda chimodzi ndi nyali imodzi yokha kuti muonetse alendo chinthu cha sayansi cha m'dera lanu, mukadaunikira chiyani? Lachiwiri ndi la inu asodzi a kauni: kuchokera pamene mudasiya nyali za parafini n'kuyamba za LED, kodi mwaona kusintha kotani pa mmene usipa umabwerera? Tilembereni kapena titumizireni uthenga, tidzawerenga mayankho anu mu pulogalamu yotsatira.